Mpata Umene Mpira Umalowera

Omvera nonse, inu a pa boma pano pa Feira, a ku Katondwe, a ku Chitope, a ku Kavalamanja, komanso inu abale athu a kutsidya amene mawu ano amakupezani ku Zumbo ndi ku Kanyemba, madzulo ano ndabwera ndi nkhani ya kiriketi, ndipo ndikudziwa kuti ena mwatambasula kale dzanja kuti musinthe siteshoni. Taimani kaye. Makamaka inu aphunzitsi a zamasewera, a hedi, ndi inu makolo amene muli m'makomiti a sukulu, sendezani mpando kufupi.

Kuno kwathu masewera ndi mpira wamiyendo, mpira wamanja, ndi nsolo pansi pa mtengo kwa ife amene mawondo anatikana kalekale. Komatu dziko lathu lili ndi mbiri yake pa kiriketi. Mu 1975, pa mpikisano woyamba wa chikho cha dziko lonse ku England, timu ya East Africa inali ndi osewera ochokera ku Kenya, Uganda, Tanzania ndi kuno ku Zambia. Henry Olonga, yemwe ankaponyera timu ya Zimbabwe mpira waliwiro, anabadwira ku Lusaka mu 1976. Bungwe loyendetsa kiriketi pa dziko lonse la ICC linachotsa Zambia m'kaundula wake mu 2021 chifukwa cha kusayenda bwino kwa zinthu m'bungwe lathu, kenaka mu Julayi 2025 linatilandiranso. Mu 2027 chikho cha dziko lonse chidzaseweredwa ku South Africa, Zimbabwe ndi Namibia, kutanthauza kuti masewera ena adzachitikira m'dziko limene timaliona ndi maso tikaima pagombe apa. Ana adzaonera pa mafoni ndi m'nyumba zoonetsa kanema. Mwana akaona chinthu amafuna achiyese. Ndipo masewera akamafalikira m'masukulu a kumudzi, zipangizo zake kawirikawiri zimabwera m'chikwama chimodzi chachikulu, zakale, zimene kalabu ina ya kunja yazitaya. M'chikwamamo mumakhala helemeti imodzi kapena ziwiri. Nkhani yanga ili pa helemetizo.

Tiyambe ndi mpira weniweniwo, poti ambiri sitinaugwirepo. Wa amuna umalemera magalamu pakati pa 156 ndi 163, ndipo kukula kwake kuchokera mbali ina kufika ina ndi masentimita 7 ndi pang'ono. Wa amayi ndi wochepako, wa ana ndi wochepanso kuposa pamenepo. Mkati mwake muli chithima cholimba chokulungidwa ndi ulusi wothina, kunja chikopa chosokedwa ndi msoko wotukuka. Ndi wolimba gwa, sufinyika m'manja. Kuchokera pamene woponya amaima kufika pa womenya ndi mamita 20 okha. Akatswiri amaponya pa liwiro la makilomita 140 pa ola, ndiye kuti mpira umafika pa womenya m'theka la sekondi. Shoaib Akhtar wa ku Pakistan anafikapo pa makilomita 161.3 pa ola ku Cape Town mu 2003. Mwana wa sukulu sangafike pamenepo, inde. Koma fupa lozungulira diso ndi lopyapyala, silifuna liwiro la Akhtar kuti lisweke. Mnyamata wa giredi 11 amene amapalasa bwato tsiku ndi tsiku ali ndi phewa lokwanira kuswa nkhope ya mnzake.

Kuwonjezera apo pali vuto la bwalo. Kumene kiriketi inakhazikika, kamsewu kamene mpira umagundapo amakasalaza ndi chitsulo cholemera, amakathirira, amakasamala ngati dimba la ndiwo. Woponya akagunditsa mpira pansi, womenya amadziwa kuti udumpha kufika pati. Ife tidzasewerera pabwalo la mpira wamiyendo, pamene m'mawa padutsa mbuzi, pamene mu Okutobala nthaka imang'ambika ming'alu. Pamalo otere mpira woponyedwa mwaulemu kuti ufike m'mawondo ukhoza kugunda kamwala n'kunyamuka kulunjika kumaso. Ndiye pa ife ngozi ya kumutu ndi yapafupi kuposa pa akatswiri, ngakhale kuti oponya athu ndi ofooka.

Kwa zaka zoposa 100 anthu ankasewera masewerawa atavala kapu ya nsalu. Mu 1962 ku Barbados, Nari Contractor, kaputeni wa India, anamenyedwa m'mutu ndi mpira wa Charlie Griffith, chigaza chinasweka, anapulumuka atamuchita maopaleshoni, koma sanasewerenso timu ya dziko lake. Cha m'ma 1977 Dennis Amiss wa ku England anayamba kulowa m'bwalo atavala helemeti yonga ya njinga yamoto, anthu n'kumamuseka. Mu 1978 Graham Yallop wa ku Australia anavala helemeti pa masewera akuluakulu a pakati pa mayiko ku Barbados komweko, oonerera anamukuwiza. Patangopita zaka zochepa, wosavala ndiye anayamba kuoneka wachilendo. Madokotala a ku Australia, motsogozedwa ndi Peter Brukner, anafufuza m'manyuzipepala ndi m'mabuku akale n'kupeza anthu 174 amene anafa ndi ngozi za kiriketi m'dzikolo kuyambira 1858 kufika 2016. Imfa zinachepa kwambiri helemeti zitafala. Koma chimene ine ndinachigwira m'kafukufukuyo ndi chakuti oposa theka la anthuwo sanafere pa masewera a ligi. Anafera pa masewera ongocheza, kuseri kwa nyumba, mumsewu, pabwalo la sukulu. Ndiwo mtundu wa kiriketi umene udzayambe kufika kuno.

Tsopano helemeti ya kiriketi ili ndi zigawo zimene tiyenera kuzidziwa. Pali chigoba cholimba chokuta mutu, mkati mwake muli siponji. Kutsogolo, pamwamba pa maso, pali mlomo wotulukira kunja monga wa kapu. Kumaso kuli zitsulo zopingasa zimene zimamangidwa ndi tizibawuti m'mbali, pafupi ndi makutu. Pansi pali lamba wa pachibwano. Pakati pa mlomo uja ndi chitsulo choyamba chapamwamba pali mpata umene womenya amaonera mpira. Ngozi zambiri za kumaso kwa anthu ovala helemeti zadutsira pa mpata umenewu.

Asodzi mundimvetsa msanga. Ukonde ukhoza kukhala wa ulusi wolimba chotani, koma ngati maso ake ndi aakulu kuposa nsomba, nsombayo idutsa, ndipo ina yokulirapo pang'ono ikabwera ndi mphamvu imadzipanikiza n'kudutsabe. Helemeti zakale zinkapangidwa ndi zibowo ziwiri kapena zitatu mbali iliyonse, kuti mwini wake azikweza kapena kutsitsa zitsulo mmene akufunira. Osewera ambiri ankazitsitsa. Chifukwa chake n'chomveka ndithu: chitsulo chapamwamba chija chimadutsa m'maso, ndipo munthu amene ali ndi theka la sekondi kuti aone mpira safuna kanthu kalikonse komutchinga. Akatsitsa ndi chibowo chimodzi amaona bwino, koma watsegula khomo.

Chitsanzo chili pafupi nafe, kutsidya kwa Zambezi. Mark Vermeulen anali womenya wa timu ya Zimbabwe. Mu Januwale 2004, akusewera ndi India ku Australia, mpira wa Irfan Pathan unamupeza pamwamba pa diso atavala helemeti, ndipo chigaza chinaphwanyikira mkati. Anamuchita opaleshoni yaikulu. Aka sikanali koyamba, chifukwa chaka cha 2003 anali atavulalanso m'mutu pokonzekera masewera. Zimene zinatsatira ndi zomvetsa chisoni. Chakumapeto kwa 2006 anamangidwa pa mlandu wotentha nyumba ya sukulu yophunzitsira kiriketi ku Harare. Mu 2008 khoti linamumasula litamva umboni wa madokotala wakuti anali ndi vuto la m'mutu limene analigwirizanitsa ndi kuvulala kuja. Anadzabwereranso m'timu ya dziko lake pambuyo pake, koma zaka zake zabwino zinali zitapita. Ndimatchula nkhaniyi chifukwa tikamakamba za kuvulala m'mutu timaganiza za magazi ndi bandeji basi. Bala la pakhungu limapola m'masabata awiri. Za mkati zimatha kusintha khalidwe la munthu kwa zaka, abale n'kumadabwa kuti mwana wathu walowa chiyani, ena mpaka kuyamba kulozana zala m'mudzi.

Chaka cha 2014 chinabwera ndi ngozi ziwiri zofanana m'miyezi iwiri yotsatizana ku England. Mu Julayi, Craig Kieswetter, wobadwira ku Johannesburg koma wosewerera England, ankamenyera timu ya Somerset. Mpira wa David Willey unalowa pakati pa mlomo ndi zitsulo, unathyola mphuno ndi fupa la diso. Anayesa kubwerera, koma diso silinkaonanso monga kale, ndipo mu Juni 2015 anasiya masewera ali ndi zaka 27 zokha. Uyu ndi munthu amene mu 2010 anasankhidwa kukhala wosewera bwino koposa pa ndime yomaliza ya chikho cha dziko lonse cha masewera afupiafupi otchedwa T20. Mu Ogasiti, ku Manchester, Stuart Broad anafuna kukwapula mpira wa Varun Aaron wa ku India, mpirawo unakhudza m'mphepete mwa thabwa lomenyera, n'kukhota, n'kudzipanikiza pa mpata womwewo, mphuno n'kuthyoka. Iye mwini ananena pambuyo pake kuti ankalota maloto oipa a mpira ukubwera kumaso.

Gwirani mfundo ya Broad imeneyi. Mpira wochokera m'dzanja la woponya umaoneka, munthu akhoza kuuzinda. Mpira wokhudza m'mphepete mwa thabwa umasintha njira uli pa mtunda wa mkono umodzi kuchokera kumaso, ndipo palibe munthu wobadwa ndi mayi amene angauzinde. N'chifukwa chake mawu akuti "woponyayu ndi wapang'onopang'ono, vula helemeti" ndi olakwika. Mwana amene akuphunzira kumene ndiye amakhudza m'mphepete kawirikawiri.

Ngozi ziwiri za 2014 zija zisanachitike n'komwe, akatswiri ena a zachipatala ku England anali ataonera mavidiyo 35 a osewera amene anavulala m'mutu atavala helemeti. Anapeza kuti njira zake zinkabwerezabwereza: mpira kudutsa pa mpata uja, zitsulo kupindikira mkati n'kumenya nkhope, ndi mpira kumenya kumbuyo kwa mutu kumene chigoba chimathera. Anaonanso kuti nthawi zina mpira unkadutsa ngakhale mpatawo unali wochepa kuposa mpira, chifukwa pa liwiro lalikulu mlomo umapindikira m'mwamba, chitsulo chimapindikira pansi, mpira n'kulowa. Zotsatira zake ndi muyeso watsopano wa ku Britain wotchedwa BS7928:2013. Helemeti iliyonse yofuna chizindikiro chimenechi amaiwombera mpira ndi makina pa mpata pomwepo ndi pa zitsulo, ndipo mpira usadutse, chitsulo chisakhudze nkhope. Amayesa ndi mpira wa akulu padera, wa ana padera. Opanga ambiri atatero anangosiya zibowo zija, n'kumamangiratu zitsulo pamalo amodzi kuti munthu asazisunthe. Osewera ena anadandaula. Alastair Cook, kaputeni wa England panthawiyo, mu 2016 anakakamira helemeti yake yakale kwa kanthawi ponena kuti yatsopano ikumutchinga, mpaka bungwe lawo linamuuza kuti lamulo ndi la aliyense. Kuyambira pa 1 Febuluwale 2017, ICC inalamula kuti helemeti yovalidwa pa masewera a pakati pa mayiko ikhale ya muyeso umenewu.

Ndiye funsani kuti helemeti zakale zija, zimene makalabu a ku England, Australia ndi South Africa anazichotsa m'makabati, zinapita kuti. Zina zinatayidwa. Zina zili m'mabelo a salaula ndi m'zikwama za mphatso. Ine sindinyoza mphatso, ndipo opereka amapereka ndi mtima wabwino. Koma mphunzitsi amene walandira helemeti ayenera kudziwa kuti wagwira iti.

Aphunzitsi, mukaitenga m'manja, yambani mwaitembenuza n'kuyang'ana mkati kapena kumbuyo ngati pali kachikwangwani kolembedwa BS7928:2013, ndi kukula kwa mpira umene anaiyesera. Kenaka yang'anani chigoba padzuwa. Mng'alu ngakhale waung'ono, kapena malo ophwanyikira mkati, ndiye kuti ntchito yake inatha. Siponji ya mkati imagwira ntchito pophwanyika, imamwa mphamvu ya mpira kamodzi, ndipo ikatero sibwereranso ngakhale kunja kukuoneka bwinobwino. Helemeti imene yamenyedwa mwamphamvu imapumitsidwa. Zitsulo zikakhala zopindika, musapite nazo kwa owotcherera pamsika kuti akaziwongole. Anyamata athu owotcherera ndi aluso, amadzutsa ngolo ndi njinga zimene zinafa kale, koma chitsulo chimene chapindika n'kuwongoledwa chimafooka, ndipo malo owotcherera akaduka, nsonga yake imaloza m'diso. Kabawuti kakatayika musamange ndi waya kapena mphira. Mbali imodzi ikamasuka, zitsulo zonse zimazungulira pa kabawuti kotsalako mpira ukagunda.

Ngati ndi ya zibowo, ikani zitsulo pa chibowo chimene chikuchepetsa mpata koposa, mbali zonse ziwiri mofanana, n'kumanga zolimba. Mukatero tengani mpira umene ana akasewerere tsiku limenelo, osati wina, muukankhe pa mpatawo ndi mphamvu, pakati ndi m'mbali momwe. Ukangoyamba kulowa, kapena mlomo ukamagonja pansi pa dzanja lanu, helemetiyo si ya mpira wolimba. Samalani kwambiri apa: helemeti ya akulu ikhoza kutchinga mpira wa akulu koma kulola wa ana, chifukwa wa ana ndi waung'ono. Ndipo musaiwale zija anapeza madokotala, kuti dzanja lanu silingafanane ndi liwiro la mpira. Mpata uchepe moonekeratu, osati mongokwanira. Mwana akadandaula kuti chitsulo chikumutchinga, musamutsitsire. Muponyereni mipira yofewa kwa masiku angapo, maso amazolowera ndipo chitsulocho amasiya kuchiona.

Kukwana kwa pamutu ndi nkhani ina imene imatayidwa. Tengani tepi ya atelala, muyeze mutu kuzungulira, pamwamba pang'ono pa nsidze ndi pa makutu. Nambala ya masentimita imene mwapeza ifanane ndi yolembedwa mu helemeti. Ikhale mowongoka, mlomo uli chapamwamba pa nsidze. Ana amakonda kuikankhira kunkhongo monga amavalira kapu, ndipo ikatero mphumi imakhala pamtunda, zitsulo zimakwera, chibwano ndi khosi zili poyera. Mwanayo apukuse mutu, agwedezenso m'mwamba ndi pansi. Helemeti iyende limodzi ndi mutu. Ikamatsalira kapena kugwera m'maso, ndi yaikulu, ndipo kuika nyuzipepala kapena kansalu mkati sikuichepetsa, kumangoikweza. Zambiri zimabwera ndi timasiponji tapadera tomata mkati, ndito tochepetsera. Yang'ananinso chammbali kuti pakati pa zitsulo ndi mphuno, ndi pakati pa zitsulo ndi chibwano, pali danga, chifukwa mpira ukagunda zitsulo zimabwerera mkati pang'ono. Kwa atsikana, tsitsi lomangidwa mfundo pamwamba kapena chakunkhongo limanyamula helemeti kuti isakhale pansi. Tsiku la masewera malukidwe akhale ogona. Izi muwauze amayi awo sabata isanafike, osati m'mawa wa tsikulo mwana ataluka kale.

Lamba wa pachibwano amangidwe, athine moti chala chimodzi chokha n'kulowa. Pamenepa sindifunika kupita ku England kukatenga chitsanzo. Imani pamsewu wochokera ku Luangwa Bridge muone anyamata a njinga zamoto. Amene wavala helemeti, kawirikawiri lamba akulendewera, ena aikhazika pamwamba pa mutu kuti apolisi aone kuti ilipo. Akagwa, helemeti imayamba kufika pansi iyo yokha, mutu n'kutsatira. Ndikudziwa chifukwa chake. Chigwa chino chimatentha, mwezi wa Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo lamba wonyowa ndi thukuta amanyansa pakhungu. Pa kiriketi mankhwala ake ndi kusewera m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, kupumira pafupipafupi, kuvula helemeti pamene mpira suli m'masewera n'kumwa madzi. Kumasula lamba kapena kuzula siponji kuti mphepo ilowe ndiye ayi. Kutentha komweku kumawononganso guluu ndi siponji, choncho musasunge helemeti m'kachipinda ka malata kamene masana simungakhalemo inu eni. Ndiponso poti ndatchula njinga zamoto: helemeti yake si ya kiriketi, galasi lake silinapangidwire mpira wolimba. Chipewa cha pulasitiki cha omanga nyumba ndiye chilibe n'komwe chotchinga kumaso ndi m'mbali.

Pali malo amodzi amene helemeti yabwino kwambiri inkasiya poyera. Pa 25 Novembala 2014, ku Sydney Cricket Ground, Phillip Hughes ankamenyera timu ya South Australia, atapeza kale ma run (mapointi) 63. Mpira wodumpha wa Sean Abbott unabwera, Hughes anazungulira kuti aukwapule, anauphonya, ndipo unamumenya m'khosi, kunsi kwa khutu lakumanzere, pamene chigoba chimathera. Mtsempha wopititsa magazi ku ubongo unang'ambika. Anagwa pomwepo, madokotala anali pabwalo, chipatala cha St Vincent's chinali pafupi, koma anamwalira pa 27 Novembala, kutatsala masiku atatu kuti akwanitse zaka 26. Bwalo lofufuza za imfayi linapeza kuti ngakhale helemeti yatsopano ya nthawi imeneyo sikanatchinga malowo. Kuchokera apo kampani ya Masuri inatulutsa kachipangizo kokolowekera kumbuyo kwa zitsulo, kotchinga khosi m'mbali zonse ziwiri, ndipo ena anatsatira. Osewera anakakananso poyamba. Steve Smith wa ku Australia ankati kamamubanikitsa, mpaka mu Ogasiti 2019 pabwalo la Lord's mpira wa Jofra Archer unamugwetsa pansi utamumenya m'khosi. Anapulumuka, koma ubongo unagwedezeka, ndipo Marnus Labuschagne analowa m'malo mwake pa lamulo limene linali litangoyamba mwezi womwewo, lolola kusintha wosewera amene wavulala m'mutu. Ku Australia kachipangizoka kanakhala kokakamiza kuyambira mu Okutobala 2023 pomenya mpira wa oponya mwaliwiro. Mukamaitanitsa helemeti, itanitsani nako. Ndipo phunzitsani ana kuti mpira ukamabwera kumutu asautembenukire nkhongo. Thupi limafuna kutero lokha, koma kutsogolo ndi kumene kuli zitsulo. Maso akhale pa mpira, mutu uzinde chammbali kapena pansi.

Womenya si yekha amene ali pangozi. Wowakha amene amaima kuseri kwa timitengo titatu tozikidwa kumbuyo kwa womenya, akayandikira pafupi, avale. Mark Boucher wa ku South Africa, mmodzi mwa owakha odziwika kwambiri m'mbiri ya masewerawa, anasiya ntchito mu Julayi 2012 ku Taunton pamene mpira wa Imran Tahir unagunda timitengo, kamtengo kakang'ono kapamwamba n'kuuluka kumubaya m'diso lakumanzere. Anali atavala kapu. Kamtengo kotere kakhoza kudutsa ngakhale pakati pa zitsulo, n'chifukwa chake owakha ena amavalanso magalasi olimba. Oima pafupi ndi womenya kuti awakhe mpira ndiwonso ali pamoto. Ku England lamulo la ana limati wosapitirira zaka 15 asaime pafupi kuposa mamita 7.3 kutsogolo kwa womenya, ndipo wosapitirira zaka 13 asayandikire kuposa mamita 10, ngakhale atavala helemeti. Lamulo limeneli silifuna ndalama. Mungolemba mzere ndi phulusa.

Nkhani ya Raman Lamba ndiyo ndikufuna makolo muimve bwino. Anali wosewera wa ku India, ndipo mu Febuluwale 1998 ankasewerera kalabu ya Abahani ku Dhaka, ku Bangladesh. Anaitanidwa kuti aime pafupi ndi womenya, ndipo zimanenedwa kuti anakana helemeti poti panangotsala mipira yochepa. Mpira unamumenya m'mbali mwa mutu. Anadzuka, anatuluka m'bwalo akuyenda yekha, akulankhula. Magazi anali akuchucha mkati mwa chigaza. Patapita masiku ochepa anamwalira. Umu ndi mmene kuvulala kwina kwa m'mutu kumachitira: munthu amaoneka bwino kwa ola limodzi kapena angapo, kenaka n'kuyamba kufooka.

Lamba anali mumzinda waukulu. Ife tili kumapeto kwa msewu. Tili ndi chipatala cha boma ndi cha mishoni ku Katondwe, ndipo anthu ake amagwira ntchito yotamandika, koma opaleshoni ya ubongo ndi ya ku University Teaching Hospital ku Lusaka, makilomita oposa 300 kuchokera pano, kukwera mapiri onse aja a Great East Road. Amene muli ku Kavalamanja kapena kutsidya, onjezanipo ulendo wa bwato. Choncho mwana akamenyedwa m'mutu, kaya anavala helemeti kaya ayi, masewera ake a tsikulo athere pomwepo. Asakunyengeni ndi mawu akuti ndili bwino, ndipo inu aphunzitsi musamuuze kuti limba, ndiwe mwamuna. Mufunseni kuti tili kuti, lero ndi lachingati, ndani amaponya. Akakomoka ngakhale pang'ono, akasanza, mutu ukamakulirakulira kupweteka, akamaona zinthu ziwiriziwiri, akamasokoneza mawu, akamaodzera mosadziwika bwino, dzanja kapena mwendo ukafooka, kapena m'khutu ndi m'mphuno mukatuluka magazi kapena madzi, nyamukani nthawi yomweyo, musadikire kuti kuche. Akagwa osadzuka kapena akamadandaula khosi, musamudzutse mokoka, musalimbane ndi kuvula helemeti ngati akupuma bwino, gwirani mutu kuti usagwedezeke. Ngakhale palibe chizindikiro chilichonse, mphunzitsi apite yekha kukawauza makolo, kuti usikuwo mwana asagone payekha, ndipo asabwerere m'bwalo asanaonedwe ndi achipatala. Kumenyedwa kachiwiri ubongo usanachire ndi koopsa kuposa koyamba.

Maganizo anga ndi awa, ndipo ena a zamasewera mwina sagwirizana nawo. Sukulu imene ilibe helemeti zosachepera zitatu zabwino, ziwiri za omenya ndi imodzi ya wowakha, za misinkhu yokwana ana ake, isakhudze mpira wolimba. Helemeti imodzi yopatsirana kuchokera kwa mwana wa giredi 5 kupita kwa wa giredi 12 ikwana mmodzi mwa iwo, winayo yangomulemetsa mutu n'kumupatsa mtima woima pamene akanathawa. Izi sizikutanthauza kuti ana asasewere. Ku Pakistan ndi ku India ana ambirimbiri amakulira pa mpira wa tenesi, ena amaukulunga ndi tepi ya magetsi kuti uthamange, ndipo oponya otchuka angapo anachokera kumeneko. Kuponya, kumenya, kuwakha ndi kuthamanga zonse zimaphunzirika ndi mpira umenewo pabwalo lililonse, ngakhale pamchenga wa m'mbali mwa Luangwa madzi akaphwera, bola mukhale kutali ndi madzi poti eni ake a mtsinje mukuwadziwa.

Tsono a hedi ndi a komiti, munthu kapena bungwe likadzabwera ndi chikwama chija, lilandireni ndi manja awiri, koma mutsegule ali pomwepo. Werengani helemeti, funani kachikwangwani kaja, yesani mpata ndi mpira umene uli m'chikwama momwemo, ndipo funsani ngati abweretsa zotchingira khosi ndi tizibawuti tapadera. Zikapanda kukwana, mipira yolimba itsekeredwe mu ofesi ya a hedi, ndipo pa kalata yothokoza mulembepo nambala ya helemeti zimene zikusowa ndi miyeso ya mitu ya ana anu m'masentimita.